Mufuna Kuona Nyumbu ku Liuwa? Muchenga Siuziba Bwana

Imwe anyamata a ku Bauleni, mwazolowela kuona ma Land Cruiser akupita mu Leopards Hill Road, matenti pamwamba, vigubu kumbuyo, nakukamba ati ni va azungu. Manje timvela kuti ena mwayamba kusonkha ndalama monga chilimba kuti muhaye Hilux, muyende ku Liuwa mu November. Nzelu yabwino iyo. Koma konzekani bwino, ngati simufuna kuti deposit ya motoka ya eni ake isale mu muchenga.

Liuwa ili ku Western Province, kupitilila Kalabo. Ni chigwa chachikulu cha udzu na muchenga, mitengo ili m'timagulu apa na apo. Madzi akasefukila, timagulu utu tusanduka tuzisumbu, ndipo makampu monga Lyangu, Kwale na Katoyana ali mumitengo mwamene umo. Litunga Lewanika ndiye anayamba kuteteza malo aya kudala m'ma 1800, ndipo kuchokela mu 2003 a African Parks ayendetsa paki pamodzi na boma na Barotse Royal Establishment. Mvula yoyamba ikagwa, nyumbu zoposa 30,000 zimadzaza chigwa. Mu Africa, ni ku Serengeti chabe kwamene mungaone msamuko wa nyumbu oposa uyu.

Kuchoka mu Lusaka kufika ku Mongu ni makilomita pafupifupi 600, kupitila Mumbwa, Kafue National Park na Kaoma. Nyamukani kukali mdima kuti mu Kafue mupite masana. Njovu siyasha ma indicator. Ku Mongu dzazani tanki na vigubu vonse, cifukwa mu muchenga injini imamwa mafuta monga muntu wa babalazi. Mseu wa Mongu–Kalabo, wa milatho 26, unatsegulidwa mu 2016, apo muzayenda bwino. Ku Kalabo mulipile pa ofesi ya paki, NRC m'thumba kuti mulipile mtengo wa nzika. Mukaoloka Luanginga pa pantuni, tala yasila.

Apa ndiye pali nkhani. Motoka ifunika 4x4 yeniyeni ya low range, yokwezeka pansi. Kaja ka boi wanu kolembedwa AWD kumbuyo, kasiyeni ku Bauleni. Mukalibe kukwela pantuni, chotsani mphepo mu matayala kufika pafupi na 1.5 bar. Tayala yofewa imayala pansi, imayenda pamwamba pa muchenga. Yolimba imakumba dzenje. So gulani geji na kompresa yomangilila ku batili. Yendani mu giya yachiwili olo yachitatu, phazi likhale chimodzimodzi, osaponda mabuleki mwadzidzidzi, osakhota mwamphamvu, tayala ingavuke pa limu. Tsatilani mikwaso ya motoka zinapitapo kale.

Mukatitimila, chotsani phazi pa mafuta pamene apo. Ma driver a minibasi, tikamba imwe: kulilitsa injini kuzangokwilila motoka mpaka pamimba, na klachi izanunkha. Selukani nonse, fukulani na fosholo kutsogolo na kumbuyo kwa matayala, chepetsaninso mphepo pang'ono, bwelelani kumbuyo pang'onopang'ono. Jeke ifuna thabwa pansi, apo ayi izamila yeka. Chingwe chokokela chikhale cholimba, ndipo chili na nchito ngati muli motoka ziwili. Netiweki kulibe yodalilika, ba mechanic ba pa msika simuzabaitana. Ngati pa gulu pali wa maspanala, uyo asalipile vakudya.

Madzi: malita 5 pa muntu pa tsiku, osawelengela osamba. November ku Western kupya zoona. Unga, kapenta, ma soya na malasha mugule ku Soweto, mpunga na nsomba zouma muzapeza ku Mongu. Neti ya udzudzu na tochi musaibale. Usiku vakudya na nsapato viloŵe mu motoka, cifukwa afisi a ku Liuwa ni ambili maningi ndipo sasankha. Ma speaker a Yo Maps asale kunyumba, mu paki phokoso ni mulandu.

Mufunse wa motoka, alembe pa pepala, kuti avomela iyende ku Liuwa, na kuti ikaonongeka kuja azalipila ndani. Ndipo pobwela, mukangooloka pantuni, pompani matayala mukalibe kukwela tala ya ku Mongu.