Kulongedza Katundu ndi Kuyenda Ulendo Wautali pa Tchuthi

Teremu ikatha, malipoti a ana n'kuperekedwa, ambiri mwa inu mtima umakhala uli kale pamsewu. Ena mumapita kumudzi kukaona makolo, ena kwa mwana kapena mlongo amene anakhazikika ku Lusaka, ku Harare kapena ku Joni. M'phunziro lino tikambirana mmene mungakonzekerere ulendo wotere. Titenga chitsanzo chimodzi, ulendo wa pa basi wochokera ku Blantyre kupita ku Johannesburg, chifukwa zovuta zambiri zimene wapaulendo amakumana nazo m'chigawo chathu chino zimapezeka pa njira imeneyi. Ngati inu mukukwerera ku Chipata, ku Tete kapena ku Harare, mungosintha mayina a malo.

Yambani mwaidziwa njira

Basi yochokera ku Blantyre imatulukira pa chipata cha Mwanza, n'kulowa m'dziko la Mozambique pa Zóbuè. Imadutsa Moatize, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukatulukira pa Cuchamano. Kutsidya kwake ndi Nyamapanda, m'dziko la Zimbabwe. Kuchoka apo ndi Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo, kenako Musina, Polokwane, Johannesburg. Ochokera ku Lilongwe amatulukira pa Dedza ndipo amaipeza njira yomweyi asanafike mu mzinda wa Tete. Mtunda wonse ndi makilomita opitirira 1,700, ndipo mudzakhala m'njira maola oposa 24. M'mwezi wa Disembala, pamene anthu ambirimbiri amabwerera kwawo, pa Beitbridge pokha mukhoza kutha maola ochuluka muli pa mzere, ngakhale kuti chipatachi chimagwira ntchito usana ndi usiku. Wotchi yanu musaikhudze, nthawi ndi imodzi m'mayiko onse anayi.

Tsopano werengani zipata. Malire ndi atatu, koma pa malire aliwonse pali ofesi yotulukira ndi ofesi yolowera. Ndiye kuti mudzatsika basi ka 6 kukaima pa mzere ndi pasipoti m'manja, mwina usiku, mwina pamvula. Pena a kasitomu amalamula kuti katundu yense atsitsidwe, aliyense aime pambali pa wake. Zimenezi ndi zimene ziyenera kukuuzani mmene mulongedzere, osati kukula kwa sutikesi yomwe muli nayo kunyumba.

Katundu wa pathupi, wa pampando ndi wa kumbuyo

Musanaike kanthu m'chikwama, yalani zonse pa mphasa kapena pabedi. Tengani chinthu chimodzichimodzi n'kudzifunsa kuti: ichi chitasowa panjira, ulendo upitirira? Ngati yankho ndi ayi, chinthucho malo ake ndi pathupi panu, m'kathumba komangira m'chiuno kapena kokoleka m'khosi, mkati mwa zovala. Pasipoti, tikiti, ndalama, foni ndi mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku zili m'gulu limeneli. Zimene mudzazifune muli m'basi, monga madzi, kamba, juzi, sopo ndi mswachi, zilowe m'kachikwama kokwana pansi pa mpando. Zotsala zonse ndiye zipite ku buti kapena m'ngolo imene basi imakoka, ndipo muziwerenge ngati zinthu zimene mwina simuzionanso mpaka mutafika. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Katundu wa m'ngolo amatha kunyowa, kuphwanyika, kapena kutsitsidwa ku Harare ndi munthu amene chikwama chake chikufanana ndi chanu.

Kufanana kwa zikwama si nkhani yaing'ono ayi. Zikwama zazikulu za mizeremizere zija, zimene anzathu a ku Zambia amati Ukwa, m'basi imodzi zimakhalamo zambirimbiri. Lembani dzina lanu ndi nambala ya foni kunja ndi inki yosafufutika, mumangirire kansanza ka chitenje pa chogwirira, ndipo pepala lina la dzina muliike mkati, pamwamba pa zovala. Zipi ya zikwama zimenezi sichedwa kuphulika, choncho kulungani chikwamacho ndi chingwe. Kondakitala akakupatsani kalisiti ka katundu, kasungeni pamodzi ndi tikiti.

Mukamaliza kumanga, nyamulani katundu yense nokha muzungulire naye nyumba kawiri. Ngati simungathe, chotsani zina. Pa Park Station ku Johannesburg, ndiponso pa depoti iliyonse yaikulu, munthu amene waima ndi mitolo isanu akudikira womuthandiza ndi amene akuba amayamba kumuona.

Mapepala

Pasipoti muione lero, osati sabata yonyamukira. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 isanathe ntchito, ndipo ikhale ndi masamba opanda kanthu. Kumbukirani zidindo 6 popita ndi zina 6 pobwera. Masamba amatha msanga. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake. M'chaka cha 2015 dziko la South Africa linakhwimitsa lamulo la ana odutsa pa malire, moti ankafuna chikalata cha kubadwa chosonyeza makolo onse awiri. Lamuloli linafewetsedwa mu 2019 kwa ana a mayiko ena, komabe ngati mukuyenda ndi mdzukulu kapena mwana wa mbale wanu, tengani chikalata cha kubadwacho ndi kalata ya makolo yovomereza ulendowo. Simuli pa malire amodzi okha, ndipo wofunsa akhoza kupezeka paliponse.

Apa pali mfundo imene yavulaza anthu ambiri, ophunzira omwe. Nzika ya Malawi imalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, koma wodinda akhoza kukulemberani ochepera apo. Musachoke pa kauntala musanawerenge chidindocho. Onani ngati chadindidwadi, ndiponso tsiku limene alemba kuti mutuluke. Kuyambira mu 2014, wopyola masiku ake salipitsidwanso faindi n'kumapita. Amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osapitirira 30, ndipo kwa zaka 5 ngati wapyola kuposa apo. Taganizani, mwana wanu ali komweko, akudwala kapena akukwatira, inu simungathe kupitako chifukwa cha tsiku limodzi limene simunaliwerenge.

Pa malire mudzapeza anyamata onena kuti, "Mayi, bweretsani pasipoti ndikudinditsireni, mzerewu ndi wautali." Akanizeni mwaulemu. Pasipoti imachoka m'manja mwanu kupita m'manja mwa wogwira ntchito wa boma amene ali pa kauntala, basi. Chimodzimodzi phukusi la munthu wosamudziwa, ngakhale atati ndi ufa wa mwana wake, musalinyamule. Ngakhale la mnansi wanu, mulitsekule iye ali pomwepo, muone zili mkatimo, chifukwa wofunsidwa pa kasitomu mudzakhala inu.

Jambulitsani tsamba la chithunzi la pasipoti kawiri, lina musiye kunyumba, lina muike m'chikwama cha pampando. Dzina, keyala ndi nambala ya amene mukukafikira muzilembe papepala. Odinda amafunsa kumene mukupita, ndipo foni imakonda kuzima nthawi imene mukuifuna. Ponena za foni, dziwani kuti ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe masoketi ambiri ndi a mano atatu a makona, pamene ku South Africa ambiri ndi a mano atatu obulungira. Gulani adaputala, apo ayi tchaja chanu chikakhala chokongoletsa chabe.

Zovala, kamba ndi mankhwala

Ulendo umodzi womwewu uli ndi nyengo ziwiri. Ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, kutentha kumapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira usiku mpaka udzu kuyera ndi chisanu. Valani zopepuka, juzi ndi masokosi zikhale pafupi. Amayi mukudziwa kale ntchito ya chitenje: chofunda, chotsamira, chopukutira, chotchingira posintha. Abambo nanunso bwerekani chimodzi, palibe amene adzakusekeni pakati pa usiku pa Nyamapanda. Zovala za masiku anayi kapena asanu n'zokwanira ngakhale mukakhale masabata atatu, pakuti kumene mukupitako madzi ndi sopo ziliko. Suti imodzi ya kutchalitchi kapena ku ukwati, nsapato zomwe mwavala ndi patapata. Nsapato zatsopano musaziyambire pa ulendo. Mapazi amatupa munthu akakhala pansi nthawi yaitali. Basi ikaima, tsikani muwongole miyendo.

Makope a ana oti muchonge asiyeni. Aphunzitsi timakonda kudzinamiza kuti tikachonga kumeneko, koma makopewo amangopita kukaona dziko n'kubwerera osatsekulidwa, mwinanso atanyowa. Chongani musananyamuke. Ntchito ya maphunziro anowa imene tsiku lake lotumizira likugwera mkati mwa tchuthi, nayonso itumizeni musanakwere basi.

Kamba wabwino ndi wouma: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, buledi, mabisiketi, mbatata yootcha. Nkhuku yokazinga ndi mazira owiritsa mudye tsiku loyamba lomwelo, kutentha kwa ku Tete sikuchedwa kusasitsa chakudya. Madzi akumwa tengani anu, ndipo ogula panjira akhale a m'botolo lomata. Mliri wa kolera umene unavuta ku Malawi mu 2022 ndi 2023, kenako ku Zambia ndi Zimbabwe, unatikumbutsa kuti madzi ndi manja osasamba ndiwo njira ya matenda otsekula m'mimba. Tengani timapaketi ta Thanzi ORS. Tikasowa, sungunulani masipuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Ena amadzimana madzi poopa kuvutitsa dalaivala kuti aime. Musatero, makamaka ngati muli ndi ana.

Za mphatso zodyedwa, funsani a kampani ya basi musanagule. Nyama, zipatso, mbewu ndi zomera zimafuna chilolezo polowa nazo mu South Africa, ndipo n'zopweteka kuona zimene mwasungira mwana wanu zikutsala pa malire.

Amene mumamwa mankhwala a BP, a shuga, a khunyu kapena ma ARV, pitani kuchipatala nthawi ikadalipo, muwauze za ulendowo, akupatseni okwanira masiku onse ndi ena apadera a sabata imodzi. Akhale m'mabotolo ake omwewo, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Musawathire m'kapepala kopanda dzina. Palinso nkhani ya malungo. Ku Johannesburg kulibe udzudzu wofalitsa malungo, choncho a chipatala kumeneko sangawaganizire msanga. Matendawa amayamba kuonekera patapita sabata kapena kuposerapo chikulumireni udzudzu. Mukayamba kutentha thupi mutafika, nenani momveka kuti mwachokera ku dera la malungo ndipo mukufuna kuyezedwa magazi. Adzukulu obadwira ku Joni amene mukubwera nawo kumudzi agone m'neti kuyambira usiku woyamba, matupi awo sanazolowere.

Ndalama, ndi ulendo wobwerera

Mudutsa m'mayiko a ndalama zisanu: kwacha, metical, dola ya America pamodzi ndi ZiG imene Zimbabwe inayambitsa mu Epulo 2024, ndi randi. Simukusowa kukhala nazo zonse zambiri. Randi ndi madola ang'onoang'ono, osang'ambika, zikuthandizani pa chimbudzi, tiyi ndi madzi. Gulani ndalama zakunja ku banki kapena malo ovomerezeka ndipo lisiti musunge. Yambani msanga, chifukwa sizipezeka tsiku lomwelo. Osintha ndalama a pa malire ali ndi manja othamanga kuposa maso anu. Mitengo imene munauzidwa ndi amene anayenda chaka chatha musaidalire. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali atawerengera ulendo wa Khirisimasi anayambiranso masamu. Ndalama zanu muzigawe pawiri kapena patatu, zina m'kathumba ka pathupi, zochepa zogulira panjira m'thumba lapafupi, kuti musamatulutse mpukutu wonse pagulu.

Koma cholakwa chachikulu sichichitikira pa malire. Chimachitikira kunyumba, tsiku limene malipiro alowa. Munthu amawerengera ulendo wopita, mphatso ndi zovala zatsopano, n'kunena kuti za pobwera akaona komweko, mwina mwana akamugulira tikiti. Mwanayo naye ali ndi lendi yake. Kumayambiriro kwa Januwale mabasi amadzaza, mitengo imakwera, masiku a pa chidindo akutha, sukulu ikutsekulidwa. Gulani tikiti yobwerera pamodzi ndi yopita. Kenako patulani ndalama ya fizi, ya feteleza wobereketsa ndi ya chakudya cha mwezi wotsatira, muisiye kumene simungaifikire muli paulendo. Yotsalayo ndiyo ya tchuthi. Ngati yotsalayo sikukwana, ulendowo udikire tchuthi china. Kukana lero n'kopepuka kusiyana ndi katapila wa mu Febuluwale.

Konzani zofika kunyumba masiku awiri kapena atatu sukulu isanatsekulidwe, pakuti basi imafa, mlatho umaduka nthawi ya dzinja, ndiponso thupi limafuna kupuma. Makiyi a kalasi ndi a kabati ya mabuku asiyeni kwa aphunzitsi aakulu, muwauzenso kumene muli ndi nambala yokupezerani. Pobwera katundu amachuluka nthawi zonse, choncho popita siyani malo m'chikwama. Chilichonse chatsopano chimene mwagula, kaya ndi foni, wailesi kapena mabulangete, sungani lisiti lake. Popanda lisiti, a kasitomu amaika okha mtengo wowerengera msonkho.

Ntchito

Sankhani ulendo umene mukufuna kudzayenda pa tchuthi chikubwerachi. Papepala limodzi lembani malo onse amene mudzatsike basi, kuyambira kwanu mpaka kofika. Kuseri kwake lembani mtengo wa tikiti yopita ndi yobwerera monga mwafunsira sabata ino, ndalama ya panjira, ndi zimene ziyenera kulipidwa kunyumba mwezi wotsatira. Bweretsani pepalali, pamodzi ndi pasipoti yanu ngati muli nayo, tsiku limene gulu lanu lidzakumane. Mudzasinthana ndi mnzanu, iye aone tsiku lothera ntchito la pasipoti yanu ndi kuwerenga masamba amene atsala, inunso muone yake.