Adyo, Nimu ndi Katupe pa Dziŵe la Nsomba

Nkhani yathu lero ikuchokera ku Lifuwu, m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima. Derali limadziŵika ndi mpunga, ndipo kuli malo a boma ochitirako kafukufuku wa mbewu imeneyi. Koma kumene madzi ali ochuluka chotere, mlimi sachedwa kuganiza zokumba dziŵe ndi kuikamo makumba, chilunguni kapena milamba. Akatero amakumana ndi vuto ili: nsomba zothithikana pamalo amodzi zimapatsirana tizilombo msanga, makamaka kumalo otentha monga kunyanja.

Tizilomboti ndi ta mitundu yambiri. Tina timaoneka ndi maso, monga nsabwe za nsomba zimene akatswiri amazitcha Argulus. Tina, monga Trichodina, sitioneka, koma timadzadza pakhungu ndi m'makha, ziŵalo zopumira zija. Mudzazindikira poona nsomba zikudzikhula m'mbali mwa dziŵe, zikukana gaga, kapena zikuyasama pamwamba pa madzi ngakhale dzuŵa litakwera.

Mankhwala a m'sitolo ndi okwera mtengo ndiponso sapezeka kumudzi. N'chifukwa chake akatswiri m'maiko osiyanasiyana akhala akuyesa zomera. Adyo ndiye wayesedwa kwambiri. Mukamusinja, mumatuluka madzi onunkha aja amene muli mankhwala otchedwa allicin, ndipo zaoneka kuti amachepetsa tizilombo tina ta pakhungu. Koma mphamvu yake sikhalitsa. Nimu, mtengo umene wadzadza ku Salima ndi kuchigwa cha Shire, nawonso wayesedwa, masamba ndi njere zomwe. Njerezo ndizo zaukali koposa.

Apa ndiye ndikufuna tikhalepo pang'ono. Ambiri amaganiza kuti chinthu chikachokera ku mtengo sichingaphe. Makolo athu ankadziŵa kuti si choncho. Ankasinja masamba a mthuthu n'kuthira m'mitsinje, katupe uja, ndipo nsomba zinkayandama zokha. M'masambamo muli rotenone, amene amaloŵa kudzera m'makha n'kulepheretsa thupi kugwiritsa ntchito mpweya. Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Tsono nimu si katupe ayi, koma akachuluka amapha nsomba chimodzimodzi, ndipo tiana ta nsomba ndito timayamba kufa. Makha ndi ofeŵa kwambiri: chimene ng'ombe ingamwe osamva kanthu, nsomba imachipuma mphindi iliyonse.

Chifukwa cha ichi, ine sindiona nzeru m'chizoloŵezi chokhuthulira mtolo wa masamba m'dziŵe. Simungayese muyeso wake, simungawachotse zinthu zikavuta, ndipo akamaola amamaliza mpweya wa m'madzi. Njira yabwino ndi kusambitsa nsomba padera. Tengani ndowa ziŵiri, ina ya madzi oyera, ina ya madzi osakaniza pang'ono ndi mankhwala osefa bwino. Yambani ndi nsomba zoŵerengeka, m'maŵa kusanatenthe, ndipo musachoke pamenepo. Nsomba ikayamba kugona cham'mbali, ibwezereni m'madzi oyera nthaŵi yomweyo. Muyeso umasiyana malinga ndi kukula kwa nsomba ndi kutentha kwa madzi, choncho funsani mlangizi wa za nsomba musanayambe. Iye angakuuzeninso kuti mchere wamba, umene alimi a nsomba agwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, ukwanira.

Kusambitsa kamodzi sikuthetsa matenda onse. Kachilombo kamene kamaoneka ngati timadontho toyera kamabisala m'kati mwa khungu, kumene mankhwala safika. Kamaphedwa pokhapokha katatuluka n'kumasambira m'madzi. Mazira a nsabwe nawo amatsalira pa miyala ndi pa udzu. Mukakolola nsomba, phwetsani dziŵe, liume mpaka ming'alu, muŵaze laimu. Pa ngalande yoloŵetsa madzi ikani sefa, popeza nsomba za m'dambo zimabwera ndi tizilombo tawo.

Pali matenda ena amene adyo ndi nimu sangachize. M'chaka cha 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda zofiira zoloŵa m'mnofu, otchedwa EUS, oyamba ndi kachilombo konga nkhungu. Mukaona zilonda zotere, musanyamule nsomba kapena ukonde kupita nazo kudziŵe lina. Kaneneni ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu. Ndipo madzi amene mwasambitsiramo nsomba mukathire m'dzenje pouma, osati m'ngalande, pakuti ku Lifuwu ngalande imathera m'munda wa mnzanu kapena m'nyanja.