Masamu a ratio: yankho limayambira pa gawo limodzi

LUSAKA – Amisiri amene akumanga nyumba m'dera la Lilayi, kum'mwera kwa mzinda wa Lusaka, amagwiritsa nchito tsiku ndi tsiku masamu amene ana ambiri a sukulu amaopa. Masamuwa ndi a ratio ndi proportion, kutanthauza kuyerekezera kuculuka kwa zinthu ziwiri kapena zingapo, ndi kusunga muyeso womwewo pamene zinthuzo zawonjezeka kapena zacepa.

Mutuwu umaphunzitsidwa m'makalasi oyambirira a sekondale, ndipo kwa zaka zambiri wakhala ukupezeka pa mayeso a bungwe la Examinations Council of Zambia. Kuyambira mu 2025, pamene Unduna wa Zamaphunziro unayamba kutsata ndondomeko yatsopano, mwana wolowa sekondale amayambira Fomu 1 m'malo mwa Giredi 8. Dzina la kalasi lasintha, koma pamene ana amapunthwa ndi pomwe paja.

Umodzi mwa miyeso yodziwika posakaniza konkire ndi 1:2:4. Pa wilibala imodzi ya simenti pamapita mawilibala awiri a mcenga ndi anayi a miyala. Funso la m'kalasi lingakhale lakuti: ngati simenti yakwana mawilibala atatu, mcenga ndi miyala zikhala zoculuka bwanji?

Mwana wofulumira amaona kuti simenti yawonjezeka ndi mawilibala awiri, ndiye amawonjezeranso awiri ku mcenga ndi awiri ku miyala, n'kulemba 3:4:6. Yankho limeneli ndi lolakwika. Simenti yaculukitsidwa katatu, conco mcenga ndi miyala ziyeneranso kuculukitsidwa katatu, ndipo yankho loona ndi 3:6:12. Ratio imasungika mwa kuculukitsa kapena kugawa manambala onse ndi nambala imodzi, kuphatikiza kumaiwononga. Mmisiri amene angatsate 3:4:6 angapeze mawilibala 13 a zosakaniza kucokera ku simenti imene inayenera kupereka 21, ndipo mwini nyumba ndiye angalipire kusiyanako pogula matumba ena.

Colakwa caciwiri cimabwera pamene funso lapereka ciwerengero conse. Mwacitsanzo, zosakaniza zonse pamodzi ndi mawilibala 35, ndipo mwana wafunsidwa kupeza simenti. Ena amagawa 35 ndi 4, poona kuti 4 ndiyo nambala yaikulu. Koma magawo onse ndi 1 kuphatikiza 2 kuphatikiza 4, amene ndi 7. Gawo limodzi ndi 35 kugawa ndi 7, ndiko kuti mawilibala 5. Likapezeka gawo limodzi, zotsalazo sizivuta: simenti 5, mcenga 10, miyala 20. Mwana wanzeru amaphatikiza manambala atatuwa kuti aone ngati abwerera pa 35 asanapite ku funso lina.

Njira yomweyi ndiyo imathetsa mikangano ya ndalama. Tinene kuti amai awiri a pa msika wa Kabwata asonkha mpamba wa malonda a tomato, wina K300, mnzace K500, ndipo apeza phindu la K1,200. Ratio ya 300:500 ikacepetsedwa imakhala 3:5, magawo onse 8. Gawo limodzi ndi K150. Woyamba atenga K450, waciwiri K750. Kugawana K600 aliyense kungaoneke ngati cibale, koma wosonkha zambiri waluza K150 imene inali yace. Apanso dongosolo la manambala ndi lofunika: 3:5 si cimodzimodzi ndi 5:3, ndipo mwana amene wasinthanitsa maina amataya malikisi ngakhale kuwerengera kwace kuli bwino.

Alimi naonso amaona ratio pa thumba la feteleza wa D Compound, pamene pamalembedwa 10:20:10. Manambalawa akacepetsedwa amakhala 1:2:1, kusonyeza kuti cakudya ca mbeu ca pakati, cimene cimathandiza mizu, ndi coculuka kawiri kuposa ciri conse ca ziwiri zinazo.

Pali msampha wina wa miyeso yosiyana. Funso likati lembani ratio ya 50 ngwee ku K2, ana ena amalemba 50:2, n'kucepetsa kukhala 25:1, ngati kuti 50 ngwee ndiyo yaikulu. Coyamba ndi kusandutsa zonse kukhala muyeso umodzi. K2 ndi ngwee 200, conco ratio ndi 50:200, kapena 1:4. N'cimodzimodzi ndi masentimita ndi mamita, kapena magalamu ndi makilogalamu.

Makolo ambiri anacitapo masamu amenewa popanda kuwachula dzina. Pa 1 January 2013, banki yaikulu ya Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa ndalama ya Kwacha, kotero kuti K1,000 yakale inakhala K1 yatsopano. Imeneyi inali ratio ya 1,000:1. K50,000 inasanduka K50, ndipo K500 inasanduka 50 ngwee. Palibe amene anasauka kapena kulemera cifukwa ca kusinthako, popeza malipiro, mitengo ya unga ndi ndalama za basi zonse zinagawidwa ndi nambala imodzi. Kholo limene likukumbukira masiku amenewo lili kale ndi citsanzo cabwino cofotokozera mwana tanthauzo la proportion.

Komabe si zinthu zonse zimene zimakwerera pamodzi, ndipo apa ndi pamene ngakhale ana akhama amagwa. Matumba a simenti akaculuka, mtengo wolipira umaculukanso. Koma anchito akaculuka, masiku a nchito amacepa. Ngati amuna 4 akumba maziko a nyumba masiku 6, amuna 8 sangatenge masiku 12, monga amalembera mwana amene waloweza njira imodzi yokha. Kuwerengera kuyambirenso pa cimodzi: munthu mmodzi payekha angakumbe masiku 24, ndiko kuti 4 kuculukitsa ndi 6. Amuna 8 agawana masiku 24 amenewo n'kumaliza m'masiku 3, pamene amuna 3 angatenge masiku 8.

Conco asanagwire colembera, mwana ayenera kudzifunsa ngati yankho liyenera kukhala lalikulu kapena laling'ono kuposa nambala imene wapatsidwa. Kapitao aliyense wa ku Lilayi amadziwa kuti amuna asanu ndi atatu sakumba mofanana, ena amatopa dzuwa lisanafike pamutu, koma funso la pa mayeso limawatenga onse kukhala a mphamvu imodzi, ndipo mwana ayenera kuyankha motero.