Nyimbo Zimene Zinatayidwa

Kutali kumene kuli nyenyezi kulibe mpweya, ndipo popanda mpweya liu siliyenda. Cinthu cingaphulike kumeneko, khutu silingamve kanthu. Cifukwa cace opanga zithunzithunzi za maulendo a kumwezi amadzaza bata limeneli ndi nyimbo za gulu lalikuru la oimba malipenga, azeze ndi ng'oma. Wosimba nthano madzulo kwa Kalindawalo acita cimodzimodzi: pofika pamene mau acepa mphamvu, ayambitsa nyimbo, ana nabvomera.

Tsono okonda zithunzi zotere sanaleke kukangana za cimodzi ca 1968, dzina lace 2001: A Space Odyssey. Mwini wace, Stanley Kubrick, analemba nchito Alex North kuti apeke nyimbo zace, ndipo North anazipeka nazijambulitsa ku London. Koma Kubrick anazitaya mwakacetecete, natenga nyimbo zina zopekedwa kale, makamaka za Richard Strauss ndi Johann Strauss, amene ngakhale dzina liri limodzi sanali pacibale. North anazindikira zimenezi ali pampando m'nyumba yoonetsera zithunzi ku New York, khutu liri chire kudikira nyimbo zace.

Ena amati Kubrick anacita nkhanza. Ena amati popanda malipenga aja a Richard Strauss otsegulira, cithunzico sicikadachuka cotere, ndipo apa nkobvuta kuwatsutsa. Koma kusamuuza munthuyo kunali kusowa ulemu ndithu. North anamwalira mu 1991. Anthu anamva nyimbo zacezo mu 1993, bwenzi lace Jerry Goldsmith ataziimbitsa.