KUTSUKA NTHUNZI ZA M'FAKITALE: MADZI ATI PA MPWEYA UTI?

M'maŵa uliwonse anthu amachoka ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri kupita kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Maselema. Ena mwa iwo angomaliza kumene Folomu 4. Oterewa ayenera kudziŵa kuti paliponse pamene pali asidi, kolorini, amoniya kapena penti, pamatuluka nthunzi zotsamwitsa, zoliritsa maso ndiponso zowononga mapapo.

Chida chothetsera nthunzizi amisiri amachitcha scrubber. Ndi thanki yaitali yoimirira: mpweya woipa umaloŵera pansi nukwera, pamene madzi a mankhwala amawazidwa kuchokera pamwamba ngati mvula. Ziŵirizi zikakumana, madziwo amameza poizoni, mpweya nutuluka woyera. Funso lalikulu ndi ili: kodi m'thankimo tithiremo madzi otani?

Amayi kumudzi analiyankha kale funsoli. Pophika ndiwo zowawasa monga chidede amathiramo chidulo, kuwawasako nkutha. Asidi amaphedwa ndi zinthu za mtundu wa chidulo, ndipo za mtundu wa chidulo zimaphedwa ndi asidi. Choncho mmisiri ayambe wadziŵa nthunzi imene akulimbana nayo.

Nthunzi ya asidi wa hydrochloric, wotsukira zitsulo, imasungunuka msanga ngakhale m'madzi wamba, koma madziwo amasanduka asidi nayamba kudya mapaipi. Nchifukwa chake amathiramo caustic soda, yemwe uja wopangira sopo. Zikaphana ziŵirizi pamatsala mchere ndi madzi. Laimu ngwotsika mtengo, koma amasiya matope amene amatseka timabowo towazira madzi.

Amoniya, amene amaziziritsa zipinda zazikulu zosungira zakudya, ali kumbali ya chidulo. Kumthirira soda nkutaya ndalama pachabe. Iye amafuna asidi wa sulphuric wosungunulidwa m'madzi ambiri, ndipo chotulukapo ndi Sulphate of Ammonia, feteleza amene alimi amamdziŵa bwino.

Kolorini amagwidwa ndi caustic soda, ndipo madziwo amasanduka ngati jiki. Apa mpofunika kusamala kwambiri, pakuti soda akatha mphamvu, kapena wina akathiramo asidi, kolorini uja amatulukanso. Momwemonso jiki sayenera kukumana ndi amoniya, chifukwa pamabadwa mpweya wina waululu. Fakitale yokhala ndi nthunzi za mitundu iŵiri imafunika matanki aŵiri otsatana, lililonse ndi madzi ake.

Nthunzi zambiri za penti, guluu ndi petulo sizimva madzi konse. Izi zimagwidwa ndi makala okonzedwa mwapadera, amene amasinthidwa akakhuta.

Kusankha bwino si mapeto a ntchito, chifukwa madzi a mankhwala amatopa. Mphamvu yake imayezedwa pa sikelo ya pH, imene ophunzira amaidziŵa ku kalasi ya sayansi: 7 ndi pakati, pansi pake ndi asidi, pamwamba pake ndi mbali ya chidulo. Madzi a soda akayamba kutsikira ku 7, thanki ija yatsala pang'ono kukhala chumuni chabe. Chakudza sichiimba ng'oma. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, mpweya wa methyl isocyanate unatuluka m'fakitale ya Union Carbide ku Bhopal, m'dziko la India. Thanki ya caustic soda inalipo, koma inali yoimitsidwa, ndiponso yaing'ono poyerekeza ndi mpweya umene unatuluka. Anthu oposa 2,000 anafa nthaŵi yomweyo, ambiri a iwo osauka okhala pafupi ndi mpanda wa fakitaleyo.

Madzi otopawo nawonso asatayidwe mu ngalande asanaphedwe mphamvu, kuopa kuti poizoni amene tamchotsa mumlengalenga angakathere mu mitsinje monga Mudi ndi Naperi, kumene amayi amachapa. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa apantchito la 1997 ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017 amaika udindo wotere pa eni mafakitale.

Tsono iwe amene wayamba kumene ntchito, usachite manyazi kufunsa kapitawo mafunso atatu: nthunzi iyi ndi yotani, m'thankimu muli chiyani, ndipo anayeza liti? Aphunzitsi nawo aŵazoloŵeze ana mafunso ameneŵa asanachoke pasukulu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.