Kolera pa Doko: Zimene Komiti Ingachite Matenda Asanafike

Mu Ogasiti 2022 matenda a kolera anabuka ku Tukombo, kumwera kwa boma lathu lino la Nkhata Bay, pakati pa anthu a m'madoko. Ambiri tinadabwa chifukwa inali nyengo yopanda mvula, pomwe tinazolowera kumva za kolera m'dzinja. Mliriwu unali utayambira ku Machinga mu Malichi chaka chomwecho, ndipo pofika pakati pa 2023 unali utakhudza maboma onse a dziko lino. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Ngati madoko athu akhala monga analili, kolera idzabweranso.

Kodi n'chifukwa chiyani kolera imakonda pa doko?

Kolera imayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso topezeka m'chimbudzi cha munthu. Timalowa m'thupi kudzera m'madzi akumwa, chakudya kapena m'manja mosasamba. Anthu ambiri amene ali ndi tizilomboti sadwala konse, koma amatitulutsa akamadzithandiza kwa masiku angapo. Choncho mlovi wooneka wamphamvu akhoza kubwera nato kuchokera ku doko lina iye osadziwa.

Tonse tikudziwa zimene zimachitika usipa ukagwa. Eni zilimira, alovi ndi ogula nsomba amakhamukira pa doko limodzi, namanga misasa, koma osakumba zimbudzi. Ena amadzithandiza pa mchenga, m'bango kapena m'nyanja momwemo. Kukacha, pa gombe lomwelo amayi amatsukirapo nsomba ndi mbale, ana amasambirapo, ndipo tonse timatungapo madzi akumwa. Ena amati nyanja ndi yaikulu, imadziyeretsa yokha. Izi si zoona. Madzi amene timatunga ndi a m'mphepete, momwe zonyansa zimayamba kufikira.

Zizindikiro ndi thandizo loyamba

Munthu angayambe kudwala patangopita maola ochepa, kapena masiku osapitirira asanu, chimwereni madzi oipa. Amatsegula m'mimba pafupipafupi, chimbudzi chake chimakhala cha madzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, nthawi zambiri amasanza, miyendo imakokana ndipo maso amalowa m'kati. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo munthu wamkulu akhoza kufa tsiku lomwelo. Koma thandizo likafika msanga, mwa odwala 100 alionse pafupifupi onse amachira.

Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa ndi kumamwetsa wodwalayo pang'onopang'ono, ngakhale akusanza. Ngati Thanzi palibe, thirani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi. Musadikire kuti kuche. Nyamukani naye kupita ku chipatala cha pafupi, monga cha Chintheche, Kande, Mpamba kapena Usisya, uku mukumumwetsabe m'njira. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Anzathu a ku Usisya ndi madoko ena kumene galimoto imavuta kufika, gwirizanani lero lomwe za boti la injini lonyamulira odwala ndi kumene mafuta ake adzachokere.

Udindo wa komiti ya pa doko

Lamulo la za usodzi la 1997 linatsegula njira yoti asodzi azitenga nawo mbali poyendetsa usodzi m'dera lawo. Komiti imene imatha kuletsa ukonde wa maso aang'ono ingathenso kuteteza miyoyo ya ogwira nsombazo. Mogwirizana ndi mafumu ndi alangizi a zaumoyo, tikupempha BVC iliyonse ichite izi:

1. Lembani m'kaundula msodzi aliyense wobwera. Mwini zida asaloledwe kuyamba ntchito alovi ake asanakhale ndi chimbudzi.

2. Kumbani zimbudzi kumtunda, mamita osachepera 30 kuchokera ku nyanja, chitsime kapena mjigo. Pa mchenga dzenje limagumuka, choncho limangireni ndi njerwa. Pakhomo pake pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa.

3. Madzi onse akumwa awiritsidwe kapena athiridwe WaterGuard kapena klorini, potsata muyeso wa pa botolo kapena wa mlangizi wa zaumoyo. Dikirani mphindi 30 musanamwe. Popita ku nyanja usiku, chigubu cha madzi otetezedwa chikhale m'boti monga momwe nyali siiwalika.

4. Nsomba ziyanikidwe pa thandala, osati pa mchenga. Chakudya chogulitsa pa doko chikhale chovundikira ndipo chidyedwe chikadali chotentha. Nsomba yophikidwa bwino siyopsa.

5. Posamba m'manja tizithirirana madzi, osati kupisa tonse m'beseni limodzi.

6. Munthu akamwalira ndi kolera, mtembo ukonzedwe ndi a zaumoyo. N'zopweteka, koma kusambitsa mtembo wotere kumafalitsa matendawa kwa abale.

Katemera wa kolera wochita kumwa akabwera, tilandire tonse. Asodzi a pa nyanja ya Chilwa, amene ena amagona m'zimbowera pamwamba pa madzi, analandira katemerayu mu 2016. Komabe mphamvu yake imatha pakapita nthawi, ndipo salowa m'malo mwa chimbudzi ndi madzi abwino.

Pa msonkhano wanu wotsatira, werengani misasa ndi zimbudzi zimene zili pa doko lanu, ndipo mutiuze ife alangizi a za usodzi zimene mwapeza. Tidzakhala nanu pansi pamodzi ndi amfumu ndi a zaumoyo kuti tione poyambira usipa usanagwenso.