Kuphunzitsa Mwana Masipelo Pakhomo

Kalembedwe ka mawu, kamene ambiri amangoti masipelo, kamayambira m'khutu mwana asanagwire n'komwe pensulo. Mwana wa zaka 5 kapena 6 amene sakumva kuti m'mawu oti "mbuzi" muli maphatikizo awiri, mbu ndi zi, sangawalembe payekha ngakhale atawakopera tsamba lonse. N'chifukwa chake makolo ophunzitsa ana awo kunyumba m'malo mowatumiza kusukulu, zomwe malamulo amalola ku Britain, ku America ndi ku South Africa, amachita bwino akayamba ndi masewera a pakamwa: kuwomba m'manja pa phatikizo lililonse la dzina la mwanayo, kapena kupikisana kutchula zinthu za m'nyumba zoyamba ndi liwu limodzi, monga mpando, mphika ndi mphasa.

Pa Chichewa ntchitoyi ndi yopepuka, pakuti mawu amalembedwa monga momwe amamvekera. Malamulo a kalembedwe anakhazikitsidwa ndi bungwe la Chichewa Board mu 1973, ndipo anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Malembo a liwu alipo asanu okha, a e i o u, ndipo lililonse silisinthasintha kamvekedwe. Mwana akagwira ba be bi bo bu ndi ma me mi mo mu, amatha kulemba "amama" ndi "bambo" pasanapite nthawi.

Zopunthwitsa zilipo ndithu, koma n'zowerengeka. Choyamba ndi h wa mpweya: "pala" ndi "phala" ndi mawu awiri osiyana. Mwana aike chikhatho pafupi ndi milomo n'kutchula onse awiri; kampweya kakamugunda m'dzanja, adziwe kuti pakufunika h. China ndi kachizindikiro ka pa ng', kamene kamasiyanitsa ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire. Pali l ndi r, amene ngakhale akuluakulu amawasokoneza: mkati mwa tsinde la mawu, r amatsatira e kapena i, monga mu "bwera" ndi "lira", pamene l amakhala malo ena onse, monga mu "gula" ndi "khala". Kenaka pamabwera kulumikiza ndi kulekanitsa mawu, kuti "kumudzi" ndi mawu amodzi koma "ku Zomba" ndi awiri. Izi zingadikire kufikira mwana atayamba kulemba ziganizo.

Chingerezi ndiye chimatulutsa thukuta. Chili ndi malembo 26 oimira maliwu pafupifupi 44, ndipo kalembedwe kake kanayamba kukhazikika William Caxton atabweretsa makina osindikizira ku Westminster mu 1476, nthawi imene katchulidwe kanali kakusinthabe. Lembo la k mu "knife" linkatchulidwa kale. Lero langotsala papepala. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake, wa mu 2003, anasonyeza kuti ana ophunzira kuwerenga Chingerezi amatenga nthawi yoposa kawiri kuti afike pamene ana a zinenero zolembedwa molongosoka, monga Chifinishi, amafika m'chaka choyamba. Choncho kholo lisathamangire kunena kuti mwana ndi wogona.

Njira yodalirika ndi kuphunzitsa maliwu mwadongosolo. Mabuku a Jolly Phonics amayamba ndi s, a, t, i, p, n, chifukwa malembo ochepawa amabala mawu ambiri: sat, pin, tap, tin. Pambuyo pake pamabwera malembo awiri oimira liwu limodzi, monga sh ndi ai, kenako mabanja a mawu ngati light, night ndi right. Ku England njirayi anaigwiritsitsa moti kuyambira 2012 ana a zaka pafupifupi 6 amayesedwa kuwerenga mawu 40, theka lake opeka, pofuna kuona ngati akudziwadi maliwu kapena angoloweza. Mawu osamvera lamulo, monga said, one ndi was, amafuna njira yawoyawo: mwana ayang'ane mawuwo, awatchule, awaphimbe, awalembe, ndiyeno ayerekeze. Banja lisankhenso kalembedwe kamodzi. Noah Webster, mwini dikishonale ya ku America ya mu 1828, ndiye anafalitsa "color", pamene sukulu za ku Malawi, Zambia ndi South Africa zimatsata "colour" wa ku Britain. Mabuku ambiri a pa intaneti a makolo ophunzitsa kunyumba ndi a ku America, ndiye pafunika kusamala.

Mwayi waukulu wa kholo ndi woti limaona cholakwa chilichonse nthawi yomweyo. Mwana wolankhula Chichewa akalemba "bulu" pofuna kulemba "blue", sanalembe zachisawawa. Wagwiritsa ntchito lamulo la chinenero chake, loti mawu amathera pa lembo la liwu ndipo b ndi l sagundana. Akalemba "pray" m'malo mwa "play", vuto lili m'khutu, ndipo mankhwala ake ndi kumvetsera mawu awiriwo mobwerezabwereza, osati chikwapu kapena cholembera chofiira.

Mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse zimakwanira, ndipo zida sizifuna ndalama: khala pa simenti, chala pamchenga, zitsekerero za mabotolo zolembedwa malembo. Lembetso wa ziganizo ziwiri zazifupi, kapena kumutuma mwana kulemba zokagula kumsika, kumasonyeza ngati mawu akhazikika m'mutu. Mndandanda wa mawu 20 osagwirizana, olowezedwa Lolemba kuti akayesedwe Lachisanu, kawirikawiri umaiwalika sabata yotsatira isanathe. Mawu asanu a banja limodzi, obwerezedwa patapita masiku angapo ndi kugwiritsidwa ntchito m'chiganizo, ndiwo amakhalitsa.